Damu likatseka mtsinje, matemba adutsa pati?

Ndikakhala pa msonkhano ndi alimi kapena ana asukulu, funso ili silisowa: kodi damu si labwino kwa nsomba, poti limasunga madzi ambiri? Ofunsawo sindiwadabwa. Munthu ukakwera phiri la Zomba n'kuima pafupi ndi khoma la damu la Mulunguzi, umaona madzi ali phee pakati pa mitengo ya paini, mtima n'kumati muno nsomba zili pa mtendere. Koma ife a ntchito ya zansomba tikafika pa damu, maso athu amathamangira kumunsi kwa khoma, kuona kuti madzi amene atsala mumtsinje ndi ochuluka bwanji, ndiponso akutuluka nthawi yanji.

Chifukwa chake chili ku Chilwa. Madzi a Mulunguzi akatsika phiri amathira mu Likangala, ndipo Likangala, monganso Domasi, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe, amakathera m'nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imaphwa. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 ambiri tinaona mabwato atakhala pa dothi long'ambika ku Kachulu. Komabe mvula ikabwerera, pakapita zaka ziwiri kapena zitatu matemba, makumba ndi milamba zimadzazanso madengu pa msika wa Zomba. Nsomba zimenezi sizigwa ndi mvula. Zimachokera m'maiwe a m'mitsinje ija ndi m'madambo a kumathiriro, momwe zochepa zimabisala nyanja ikauma. Maiwe amenewo ndiwo nkhokwe ya mbewu ya Chilwa.

Ndi mwezi wa Okutobala pamene munthu umamvetsa nkhaniyi. Chaka china ndinapita pa mtsinje wina wothira m'Chilwa, kumunsi kwa khoma lopatutsira madzi ku minda. Anthu anali atawonjezera matumba a mchenga pamwamba pa khomalo, madzi onse akulowa m'ngalande. Kumunsi kunatsala dziwe limodzi, lotalika ngati bwalo la nyumba, madzi ofika m'mawondo, ofunda ngati osamba. Matemba anali atadzaza pamwamba, tikamwa tili yasa kufuna mpweya, ndipo milamba inali itakwiririka m'matope m'mphepete, ndevu zokha zikugwedezeka. Mkulu wina wa komiti ya mtsinjewo anandiuza kuti, "Bambo, dziwe ili takhala tikulilondera usiku kuti anyamata asathiremo katupe. Koma nanga dzuwa tililondera bwanji? Atipatseko madzi pang'ono chabe, ongoyenda." Mawu amenewo ndimawakumbukira nthawi zonse ndikamawerenga mapulani a madamu, chifukwa zimene mkuluyu ankapempha n'zimene akatswiri amalembera mabuku: mtsinje uzisiyiridwa gawo lake la madzi chaka chonse.

Tinene mosabisa, damu la Mulunguzi, lomwe linamalizidwa cha m'chaka cha 2000 kuti mzinda wa Zomba ukhale ndi madzi akumwa, silitsekera matemba njira. Lili pamwamba kwambiri, ndipo mathithi a m'phirimo anali atatseka kale njirayo. Kukhudza kwake kuli pa kuchuluka kwa madzi otsika m'chilimwe. Zimene zimadula njira ya nsomba kuno kwathu ndi makoma a kuchigwa, ena a simenti, ena a matumba, kuwonjezapo mabiyo a miono otseka mtsinje tsidya ndi tsidya.

Njirayo ndi yofunika chifukwa nsomba zambiri za kwathu siziswana pomwe zimadyera. Mvula yoyamba yamphamvu ikagwa, mtsinje n'kudzaza, madzi n'kufiira, matemba amadziwa kuti nthawi yakwana. Amakwera mitsinje ndi kulowa m'udzu womizidwa, n'kuikira mazira mmenemo. Mlamba nawo umachita chimodzimodzi, makamaka usiku. Tiana tikaswa timapeza chakudya ndi pobisala m'udzumo, ndipo madzi akamaphwera timatsika nawo. Damu lalikulu limasunga madzi osefukira oyambawo kuti lidzaze, n'kumawatulutsa mofanana chaka chonse. Kwa wopanga magetsi zimenezo n'zabwino. Kwa nsomba, belu loitanira kuswana silinalire, ndipo dambo limene zikanaswaniramo lakhala louma. Damu limagwiranso mchenga ndi nsangalabwi, ndipo madzi otuluka pansi pa khoma lalitali amakhala ozizira, nthawi zina opanda mpweya wokwanira.

Anzathu a m'mbali mwa Zambezi anaziona zimenezi. Damu la Kariba linamalizidwa mu 1959, la Cahora Bassa mu 1974. Ku Kariba nsomba za mumtsinje, monga za mtundu wa ntchila, zinachepa m'nyanja yatsopanoyo, ndipo mu 1967 anayamba kubweretsamo kapenta kuchokera ku nyanja ya Tanganyika. Kapenta anachuluka, malonda anayenda, koma kumugwira kumafuna mabwato a injini ndi nyali za usiku, osati ukonde wa msodzi wa m'mudzi. Kumunsi kwa Cahora Bassa madambo a kumathiriro a Zambezi anasiya kumizidwa monga kale, ndipo usodzi unatsika.

Ifenso tili ndi chitsanzo chathu, ngakhale sichinachite kufuna damu. M'zaka za m'ma 1950 ntchila inali yachiwiri kwa chambo pa nsomba zogwidwa ndi maukonde m'nyanja ya Malawi. Inkakwera mitsinje kukaswana, anthu n'kumaidikirira pa mathiriro, ndipo matope ochokera m'minda anakwirira malo ake oikira mazira. Lero mwana wa zaka 20 akhoza kukula osailawa. Mpasa, umene umakwera Bua ku Nkhotakota ndi mitsinje ina ya kumpoto kukaikira pa nsangalabwi zoyera, uli pa njira yomweyo. Khoma limodzi lomangidwa pamalo olakwika pa mitsinje ngati imeneyo likhoza kuchita m'zaka zochepa zimene maukonde anachita m'zaka makumi.

Sindikutsutsa madamu. Ndimamwa madzi a Mulunguzi, ndipo nyali ya m'nyumba mwanga imayaka ndi madzi a Shire. Baraji ya Kamuzu ku Liwonde, ya mu 1965, ndiyo imawongolera madzi opita ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tonse tikukumbukira mdima umene tinakhalamo namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022. Chimene ndikunena n'chakuti wogwira zitseko za damu amagwiranso kalendala ya nsomba, adziwe kapena asadziwe. Malo opangira magetsi amene amatsegula madzi kwambiri madzulo n'kutseka usiku amachititsa mtsinje kukwera ndi kutsika tsiku lililonse, tiana ta nsomba n'kumatsala pa mchenga. N'chifukwa chake mapulani a damu la magetsi la Mpatamanga pa Shire ali ndi damu lachiwiri kumunsi loti lizilinganiza madziwo asanapitirire. Mmene lidzayendetsedwere n'zimene asodzi a ku Elephant Marsh, dambo lalikulu la kumunsi kwa Shire, ayenera kufunsa kuyambira pano.

Ena amati tingomanga makwerero a nsomba basi. Makwerero ambiri amene timaona m'mabuku anapangidwira nsomba ya salmon ya ku Ulaya ndi ku America, yomwe imadumpha. Temba ndi kansomba kotalika ngati chala, ndipo mlamba umayenda pansi. Zimenezi zimafuna kanjira kotsetsereka pang'onopang'ono, koyalidwa miyala, kokhala ndi timaiwe topumirapo, ndipo khomo lake likhale pomwe nsomba zimaunjikana pansi pa khoma. Kanjirako kakakhala kopanda mlonda, kamasanduka mono waukulu wa aliyense.

Palinso malo amene njira siyenera kutsegulidwa. Mathithi a Shire, kuphatikizapo Kapichira, akhala akulekanitsa nsomba za Zambezi ndi za nyanja ya Malawi kuyambira kalekale. Nsomba ya mano akuthwa ija ya ku Chikwawa ndi Nsanje, imene ambiri amaitchula kuti tiger fish, itati ikwere kufika ku Malombe ndi ku Mangochi, chambo chikhoza kuona zakuda. Ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya m'chigwa cha Shire, yotenga madzi pa Kapichira, inakonzedwa kuti ikhale ndi chotchinga cha nsombayi pa chifukwa chimenechi. Choncho palibe yankho limodzi la madamu onse. Umayamba wadziwa nsomba zimene zili mumtsinjewo, kumene zimapita, ndi mwezi umene zimapita.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chizolowezi chothamangira kuthira nsomba. Damu likadzaza, wina amati tibweretse mbewu ya kwina yokula msanga. M'mitsinje yozizira ya pa phiri la Zomba muli trout amene azungu anabweretsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo nsomba yachilendo ikalowa m'madzi kuichotsa n'kovuta zedi. Ku Domasi kuli malo aboma oswetsera nsomba, ndipo makumba ochokera kumeneko athandiza alimi ambiri a maiwe. Koma palibe malo oswetsera amene angadzaze Chilwa ndi matemba monga amachitira Likangala ndi Domasi m'dzinja limodzi labwino, popanda kulipira ngakhale tambala.

Lamulo la zansomba la 1997 linapatsa anthu a m'midzi mphamvu yosamalira nsomba limodzi ndi boma, ndipo makomiti a m'madoko ndi a m'mitsinje ya Chilwa agwira ntchito yooneka: kuletsa katupe, kulanda maneti audzudzu, kutseka makoka m'miyezi yoswana. Chimene makomitiwa alibe ndi mpando pamene pakugawidwa madzi. Ndikadakonda kuti khoma lililonse lopatutsa madzi pa mitsinje ya Chilwa likhale ndi ndodo yoyezera kumunsi kwake, yopakidwa mzere wofiira woti aliyense wodutsa auone, ndipo madzi akatsika kupyola mzerewo, a komiti ya mtsinje, a sikimu ndi amfumu azikumana sabata yomweyo. Mkulu uja anali atazika kale kamtengo kake m'mphepete mwa dziwe lija, atakadula timizere ndi mpeni, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kukaona kuti madzi atsika ndi zala zingati.