Chifukwa chake baji imakwinyika pa juzi

Chitenje ndi juzi sizipetedwa mofanana. Ulusi wa chitenje ndi wopingasana, ndipo mukachikoka sichipita patali. Juzi, tisheti ya gofu ndi bulangete la mwana la ubweya zimalukidwa mokolanakolana, n'chifukwa chake zimatamuka. Makina opeta amabaya singano kokwana 600 kapena kuposa pa mphindi imodzi, ndipo kubaya kulikonse kumakoka nsalu pang'ono.

Vuto lalikulu limayambira pa hupu, mkombero uja umene timamangirapo nsalu. Wophunzira ntchito amaikoka mpaka kulimba ngati ng'oma, poganiza kuti ndiye wachita bwino. Baji imatuluka yokongoladi. Koma akangomasula, nsalu imabwerera mmene inalili pamene ulusi wopetedwa subwerera, ndiye m'mbali monse makwinya. Ayironi sangawachotse. Nsalu yotamuka iyenera kungogona mowongoka, osakokedwa. Ya ubweya wambiri ine sindiipana n'komwe, poti mkombero umasiya chipsera chozungulira. Ndimamanga kansalu kolimbitsa kokha, n'kumata bulangetelo pamwamba ndi guluu wopopera.

Kansalu kolimbitsa kameneka, kamene kamakhala kuseri, kali mitundu iwiri. Kena kamang'ambika ngati pepala mukamaliza, kena kamadulidwa ndi sizasi n'kutsalira pa chovala. Pa nsalu yotamuka, koyenera ndi kodulako. Kong'amba n'kotchipa ndipo kamafulumizitsa ntchito, komabe mukachapa kangapo kamatha, baji n'kutsala yopanda chogwirira. Choncho mukaona kansalu koyera kuseri kwa juzi ya mwana wanu, musakazule poganiza kuti atelala anaiwala. Ngati kakumuyabwa, pemphani amate kansalu kofewa pamwamba pake.

Ubweya uli ndi vuto lakelake: umameza ulusi. Pa tawulo kapena fulisi (nsalu yofewa ya ubweyaubweya) timayala kapulasitiki kosungunuka m'madzi kuti ulusi ukhale pamwamba. Kapulasitiki kamachoka pochapa koyamba, ndiye chimene chimagwira ntchito mpaka kalekale ndi ulusi woyalira pansi, umene amaukonza pa kompyuta kuti ugonetse ubweyawo zilembo zisanayambe. Apa mpamene timasiyana maganizo ndi makasitomala. Wina amafuna dzina la sukulu, mwambi wake ndi nambala ya foni, zonse m'kabaji kamodzi. Zilembo zosakwana mamilimita 6 pa nsalu yotere siziwerengeka, ngakhale makinawo akhale a makampani otchuka monga Tajima kapena Barudan. Chepetsani mawu, kulitsani zilembo. Chithunzi chodzaza ulusi wothithikana nachonso chimauma gwa pachifuwa n'kumakoka nsalu yopepuka.

Singano ikhale ya nsonga yobulungira, ya saizi 75/11, imene imadutsa pakati pa maluko. Yakuthwa imadula ulusi wa juzi, ndipo kabowo kake kamaonekera patapita masabata, mwina mutalipira kale. Za ulusi n'zachidule: wa poliyesitala sufwifwa ndi Jik, pomwe wa rayon umasuluka, choncho wa matawulo ndi yunifolomu ukhale poliyesitala.

Ngati mukupetetsa majuzi a sukulu yonse nyengo yozizira ya Juni isanafike, yambani ndi imodzi. Ichapeni kawiri, iume, muione bwino kutsogolo ndi kuseri, kenako mupereke otsalawo.