Mwana wotseka makutu akamva chigayo: mafunso a makolo pa thandizo la occupational therapy

Dzinali likumveka ngati la anthu apantchito. Likukhudzana bwanji ndi mwana?

Mwana naye ali ndi ntchito yake: kusewera, kudya, kusamba, kuvala ndi kuphunzira. Katswiri wa occupational therapy amafufuza chomwe chikumulepheretsa kuchita zimenezi, n'kupeza njira yoti azikwanitsa. Sapereka mapiritsi kapena jakisoni. Ndi wosiyana ndi a mafizo, omwe amalimbana kwambiri ndi minofu ndi mayendedwe, ngakhale m'zipatala zathu kawirikawiri amakhala khomo limodzi.

Wanga amakuwa tikadutsa pachigayo, amavula malaya, phala likakhala ndi mibulu amalavula. Si mwano umenewu?

Ana ena ubongo wawo umalandira phokoso, kukhudzidwa kapena fungo mopitirira muyezo. Phokoso lomwe inu simukulilabadira n'komwe, kwa iye likuwawa ngati munga. Ena ndi osiyana: thupi lawo limamva pang'ono, ndiye amangozungulirazungulira, kuluma zinthu kapena kudzigunditsa kukhoma kuti amve kanthu. Izi zimaoneka kawirikawiri mwa ana a otizimu (vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limakhudza kulankhula ndi kucheza ndi ena), ndipo kusintha kwa khalidwe kumabweranso mwana akachira malungo a muubongo kapena akamadwala khunyu.

Shamu sichotsa vutoli, imangowonjezera mantha. Ndipo ndinene mosabisa: mabanja ambiri amataya zaka akulozana zala kuti mwana analodzedwa kapena anamuika m'chizimba cha bizinesi, pomwe msinkhu wothandizika msanga ukudutsa.

Tiyambire pati?

Kusikelo kapena kuchipatala chaching'ono cha kwanuko, mutatenga kabuku kake ka kuchipatala. Fotokozani zomwe mumaona ndi nthawi yomwe zimachitika, kenako pemphani kalata yopita kuchipatala cha boma lanu. Kumeneko angakutumizeni ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Kumpoto, a St John of God ku Mzuzu amathandiza ana otere. Akatswiriwa ndi ochepa m'dziko muno, choncho kudikira kulipo.

Zimalipiritsa?

M'zipatala za boma ayi. Chomwe chimadya ndalama ndi thiransipoti.

Ndiye tikafika amachita naye chiyani?

Mungadabwe kuona akungosewera naye. Amamuika pakatungwe, kumugwiritsa mchenga kapena nyemba, kumuumbitsa dongo, uku akuona chomwe chikumudekhetsa ndi chomwe chikumuzunguza. Amakufunsaninso za kagonedwe, kadyedwe ndi kuchimbudzi.

Gawo lalikulu limatsalira inu, chifukwa katswiri amamuona kanthawi kochepa pomwe inu muli naye usana ndi usiku. Angakuuzeni kuti mwana wosakhazikika muzimupatsa ntchito yofuna mphamvu, monga kusinja pang'ono kapena kunyamula kachigubu ka madzi, asanakhale pansi kulemba. Wodana ndi chakudya chatsopano ayambe n'kuchigwira ndi kuchinunkhiza, kulawa kubwere pambuyo. Wopsa mtima zinthu zikasintha mwadzidzidzi muzimuchenjezeratu: "Tikamaliza kudya, tikasamba." Akayamba kukuwa, mawu ambiri sathandiza, mupititseni pamalo a zii mpaka mtima utsike, zokambirana pambuyo.

Adzachira?

Otizimu ilibe mankhwala oichotsa, ndipo wokulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu. Chomwe chimasintha ndi luso la mwana: kudzidyetsa, kuvala yekha, kukhala m'kalasi, kusonyeza chomwe akufuna m'malo momenya anzake. Zimatenga miyezi, nthawi zina zaka.

Aphunzitsi akuti asamabwerenso chifukwa akusokoneza anzake. N'zololedwa?

Ayi. Kuyambira 2012, malamulo a dziko lino amaletsa kumana munthu maphunziro chifukwa cha ulumali. Kambiranani ndi ahedi, ndipo zikakanika pitani kwa a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale a zoni yanu. Funsaninso ngati pafupi pali sukulu yokhala ndi mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera, monga aja ophunzitsidwa ku Montfort ku Chiradzulu. Popita tengani zomwe a chipatala analemba m'kabuku, mupemphe kuti mwana azikhala kutsogolo, kutali ndi khomo komwe phokoso limachuluka.