Madzi akasefukira kumudzi, a ku Joni titumize chiyani?

Mvula ikalimba kwathu, kuyambira Januwale mpaka Malichi, mafoni a Amalawi a ku Mayfair, Turffontein ndi Diepsloot sagona. Pa WhatsApp pamangolowa mavidiyo: Shire wadzaza, Ruo wataya njira yake, anthu a ku Makhanga ali pachulu kudikira bwato. Pofika Lachisanu kumzikiti kapena Lamlungu kutchalitchi mbale yazungulira kale, gulu la maliro nalo latsegula thumba. Kenako ndalamayo imagula makatoni a mapiritsi ndi zovala n'kupereka kwa transipota. Mtima wake ndi wabwino, koma katundu wotere amafika mochedwa, ndipo nthawi zambiri si amene akufunika.

Madzi osefukira amapha kawiri. Tsiku loyamba amakokolola ndi kugwetsa nyumba, monga anachitira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anapha anthu oposa 1,000 ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi m'Chigwa cha Shire. Pamenepo amene ali kuno sangachitepo kanthu. Kupha kwachiwiri kumabwera mwakachetechete, madzi ataphwa ndipo makamera atachoka. Zimbudzi zagumukira m'zitsime, mijigo yamira, anthu mazanamazana aunjikana pasukulu ya zimbudzi zisanu ndi chimodzi. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022, namondwe wa Ana atadutsa, unadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700. Apa ndiye pamene randi yanu ingapulumutse moyo, ikapita pa chinthu choyenera ndiponso msanga.

Choyamba ndi madzi akumwa. Mjigo umene unamira usakhulupiriridwe ngakhale ukutulutsa madzi oyera mbee, chifukwa zonyansa zimalowera m'mbali mwa paipi. Madzi onse akumwa athiridwe klorini. Ngati ali a matope, ayambe asiyidwa kuti adikhe, kenako asefedwe pa chitenje choyera chopinda kanayi. Chifukwa chake n'chakuti matope amadya klorini yense asanafike pa tizilombo, ndiye munthu amamwa akuganiza kuti watetezedwa. WaterGuard ndi kachivindikiro kamodzi pa ndowa ya malita 20, tiwiri ngati madzi akadali odera. Piritsi la Aquatabs la 67 mg ndi la malita 20 a madzi oyera; mapiritsiwa amasiyana kukula, choncho muziwerenga paketi. Jik wamba wopanda fungo lowonjezera amagwiranso ntchito: supuni imodzi ya tiyi, ndiye kuti 5 ml, pa malita 20 mpaka 25. Jik wonunkhira mandimu kapena maluwa asalowe m'madzi akumwa. Mukathira, vundulani, vindikirani, dikirani mphindi 30 zisachepe.

Pamsasa waukulu a zaumoyo amagwiritsa ntchito klorini waufa uja wa HTH. Amasungunula magalamu 15, omwe ndi supuni yodyera imodzi yosasefukira, mu lita imodzi ya madzi, ndipo pa botolo limenelo ndi pamene amatapa pang'onopang'ono n'kuthira m'ndowa za anthu pamalo otungira. Kachuluke kake amakapeza poyeza madziwo. Ufa umenewu siwongothira ndi diso. Ukachuluka madzi amawawa, anthu amawataya n'kubwerera kudambo. Ukachepa, tizilombo sitifa. Cholakwika china chofala chimachitikira m'nyumba: madzi atetezedwa bwinobwino, koma mwana akuviika kapu ndi dzanja lomwe m'ndowa. Chigubu cha kamwa yaing'ono kapena ndowa ya mpopi chimathetsa vuto limeneli, ndipo n'chifukwa chake ndowa 50 za mipopi zimaposa katoni ya mapiritsi.

Muyeso umene mabungwe othandiza pa ngozi amatsata ndi malita 15 pa munthu patsiku, sopo wosambira wa magalamu 250 pa munthu pamwezi, ndi chimbudzi chimodzi pa anthu 50 masiku oyamba, kenako pa anthu 20. Chimbudzi chitalikire chitsime ndi mamita 30. M'Chigwa cha Shire nthaka ikakhuta, dzenje limatuluka madzi musanafike m'chiuno, choncho pamafunika kuunda dothi n'kumanga chokwera. Pakhomo pake pakhale mpondagiya wosambira m'manja ndi sopo kapena phulusa.

Tsopano kutsekula m'mimba. Chimene chimapha wodwala kolera ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Munthu wamkulu atha kutaya pafupifupi lita imodzi pa ola, chimbudzi chake chooneka ngati madzi otsukira mpunga, ndipo amene anadzuka bwino m'mawa angathe kumwalira dzuwa lisanalowe. Mankhwala ake enieni ndi Thanzi, ufa wa shuga ndi mchere wosungunula m'madzi, ndipo ayambe kumwedwa pomwepo, ngakhale ali m'bwato kupita kuchipatala. Paketi ya kwathu ndi ya lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo zotsala zitayidwe pakatha maola 24. Apa a ku Joni tcherani khutu: mapaketi ena ogulitsidwa m'mafamase a kuno ndi a kapu ya 250 ml. Agogo ozolowera Thanzi akathira kapaketi kotere mu lita yathunthu, mwana amangomwa madzi otsekemera pang'ono.

Mwana wosakwana zaka 2 amwe 50 mpaka 100 ml nthawi iliyonse akatsekula, wa zaka 2 mpaka 9 amwe 100 mpaka 200 ml, wamkulu amwe mmene angathere. Ngati maso alowa, ludzu lachuluka ndipo khungu la pamimba mukalitsina likubwerera mochedwa, muyeso ndi 75 ml pa kilogalamu iliyonse ya thupi m'maola 4. Mwana wa makilogalamu 10 ndiye kuti amwe 750 ml, ndi supuni, pang'onopang'ono. Akasanza dikirani mphindi 10 n'kuyambiranso mofatsa. Amayi ambiri amasiyira pomwepa poganiza kuti Thanzi wamukana mwanayo, chonsecho zambiri zimene wamwa zimatsalira m'thupi. Kuyamwitsa kusalekeke. Mwana wotsekula amwenso mapiritsi a zinki, 20 mg patsiku kwa masiku 10 mpaka 14, theka lake kwa khanda losakwana miyezi 6, ndipo amalize ngakhale kutsekula kutasiya.

Paketi ikasowa, sungunulani masupuni 6 a tiyi a shuga ndi theka la supuni ya mchere mu lita imodzi, onse osasefukira. M'makiliniki a kuno amaphunzitsa masupuni 8 a shuga. Musakangane nazo, zonse zimathandiza. Choopsa ndi mchere: ukapyola, mwana atha kukomoka. Lawani, zisawawe kuposa misozi.

Amene wafooka kwambiri, sakutha kumwa, kapena akungogona osadzidziwa, afunika diripi ya Ringer's lactate, 100 ml pa kilogalamu. Bambo wa makilogalamu 60 ndi mabotolo 6 a lita, katundu wa makilogalamu 6 kwa munthu mmodzi, pamene paketi ya Thanzi imalemera magalamu 20 okha. Msewu ukaduka ndipo zonse zikudalira bwato limodzi, kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Munthu akayamba Thanzi m'mawa, nthawi zambiri safunikanso diripi madzulo.

Nanga maantibayotiki? Pa kolera amaperekedwa ndi wachipatala kwa odwala kwambiri, ndipo amangofupikitsa matenda, salowa m'malo mwa madzi. Kuwagawa m'msasa ngati chiponde kumapangitsa anthu kukhala pansi kudikira kuti piritsi ligwire ntchito madzi akutha m'thupi. Mapiritsi oletsa kutsekula, monga loperamide, asapatsidwe ana ngakhale pang'ono. Mkaka waufa wa makanda nawonso musatumize. Pamsasa palibe madzi owiritsa kapena posambitsira botolo, ndipo mayi akayamba kupatsa mwana wa m'chitini mkaka wa m'mawere umachepa. Ndalama ya chitinicho igule ufa, nyemba ndi mafuta oti mayiyo adye.

Pali gulu lina limene limaiwalika chifukwa silioneka pa vidiyo: amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Madzi akalowa usiku palibe amene amakumbuka botolo la ma ARV, mapiritsi a TB, a BP, a shuga kapena a khunyu. Wakhunyu akasiya mwadzidzidzi amagwa patangotha masiku ochepa, mwina pafupi ndi moto kapena madzi. Wa ma ARV nthawi zambiri amakhala chete chifukwa pamsasa palibe chinsinsi, aneba onse ali m'kalasi imodzi. Wachibale wa kuno amene akudziwa zimenezi amuimbire pambali n'kumuuza kuti apite kwa mlangizi wa zaumoyo kapena ku kiliniki yoyendayenda ikabwera, chifukwa mankhwala apangozi amaperekedwa ngakhale kuchipatala chimene sanalembetseko. Chothandiza koposa chimachitika mvula isanayambe: mu Novembala auzeni ajambule masamba a buku lakuchipatala, dzina la mankhwala ndi nambala yawo ya kukiliniki, akutumizireni. Buku likapita ndi madzi, chithunzicho chimakhala chili bwinobwino m'foni ya ku Rosettenville.

Amayi oyembekezera amene atsala ndi mwezi umodzi asadikire kuti mlatho uduke. Apite kuchidikiro chenjezo likangoperekedwa pawailesi. Pa amayi 100 oyembekezera, pafupifupi 15 amakumana ndi vuto lofuna chipatala, ndipo sizidziwikiratu kuti ndi ati. Kwa amene nthawi yobereka yawapeza pamsasa, pakhale pepala lapulasitiki loyera, sopo, lezala latsopano, timaulusi tiwiri toyera tomangira mchombo, magolovesi ndi zitenje ziwiri, china chopukutira mwana, china chomufunditsa ali pachifuwa cha mayi. Pamchombo pasapakidwe phulusa kapena dothi.

Mabala a malata ndi zitsa amabwera ndi matope m'kati. Atsukidwe ndi madzi otetezedwa ambiri ndi sopo kwa mphindi 10 kapena kuposerapo, n'kuphimba ndi nsalu yoyera. Bala lakuda limene lagonera silisokedwa msanga, chifukwa kusoka kumatsekera mafinya m'kati. Wovulalayo afunikanso katemera wa kafumbata. Njoka nazo zimathawira pachulu chomwecho. Wolumidwa asatemedwe mphini, asamangidwe chingwe cholimba. Mwendo umangiriridwe ku thabwa kuti usagwedezeke, mphete ndi zibangili zivulidwe, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala, asayende yekha.

Malungo amachedwa. Madzi othamanga amakokolola mphutsi za udzudzu, koma zithaphwi zotsala zimaswa ena, ndipo odwala amachuluka pakatha milungu 4 mpaka 8, nthawi imene magulu athu ambiri atseka kale kaundula wa zopereka. Neti imodzi pa anthu awiri ndiye muyeso wake. Aliyense wotentha thupi ayezetse kaye, chifukwa chibayo ndi taifodi zimayambanso choncho. Mankhwala a malungo a LA ndi kawiri patsiku kwa masiku 3, ndi chakudya, ndipo paketi ya mwana mmodzi isagawidwe kwa ana awiri. Gulu lanzeru limasungako gawo la ndalama kudikira mwezi wachiwiriwu.

Tibwerere ku makatoni aja. Basi yochoka ku Park Station kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka Mwanza imatenga masiku awiri zinthu zikayenda bwino. Galimoto ya transipota imadikira kuti idzaze, ndiye sabata kapena kuposa, katundu akupsa pansi pa lona. Insulini ndi mankhwala amadzi a ana sapirira kutentha kotero. Kulowetsa mankhwala ochuluka m'Malawi kumafunanso chilolezo cha bungwe loyang'anira mankhwala la PMRA, ndipo malangizo a WHO amati mankhwala opereka akhale otsala ndi chaka chathunthu asanathe mphamvu. Mapiritsi otsala a abwana kapena a m'kabati mwanu, ena osegula kale, amangopatsa namwino ntchito yosankha ndi kuwotcha pamene panja pali mzere.

Ndalama yotumiza pa Mukuru imafika tsiku lomwelo ndipo imalowa pa Airtel Money kapena Mpamba. WaterGuard, sopo, ndowa, shuga, mchere ndi maneti zimapezeka ku Limbe, ku Nchalo ndi ku Bangula. Musanagule kanthu, funsani mlangizi wa zaumoyo wa mudziwo, amene amadziwa kuti mabanja ndi ana osakwana zaka 5 alipo angati, ndi komiti ya msasa imene imagwira ntchito ndi khonsolo ya boma, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA ndi Red Cross. Afunseni zinthu zitatu: anthu alipo angati, akumwa madzi a kuti, ndipo wodwala kwambiri akumutengera kuti pa chiyani. Yankho lachitatu kawirikawiri limaulula kuti chosowa ndi mafuta a boti, ndalama ya kabaza, kapena mayunitsi ndi pochajira foni ya mlangiziyo kuti athe kuuza ofesi ya zaumoyo ya boma akangoona munthu woyamba wotsekula madzi a mpunga. Sankhani anthu awiri a mabanja osiyana, wina wolandira ndalama, wina wowerengera katundu, ndipo malisiti ajambulidwe n'kuikidwa pagulu tsiku lomwelo.

Pamsasa wa anthu 500, mwezi woyamba umafuna malita 7,500 a madzi patsiku, omwe ndi ndowa 375 zothira klorini tsiku lililonse, makilogalamu 125 a sopo, zimbudzi 10 poyamba kenako 25, ndi maneti 250. Msungichuma wa gulu ayambe ndi manambala amenewa, aone pamene ndalama yathera, kenako aimbe foni kumudzi kufunsa zimene ena abweretsa kale.