Lamulo la 1913 la ku South Africa: ankaloledwa kulowa ndani, ankabwezedwa ndani?

Kodi lamuloli linabwera bwanji?

Mu 1910 zigawo za Cape, Natal, Transvaal ndi Orange Free State zinaphatikizana n'kukhala dziko limodzi pansi pa mfumu ya ku Mangalande. Chigawo chilichonse chinali ndi malamulo akeake okhudza alendo, ndiye mu 1913 anakhazikitsa lamulo limodzi la dziko lonse, Immigrants Regulation Act.

Pa chipata ankafunsa pasipoti?

Osati ngati lero. Mapasipoti a chithunzi anafala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse lapansi, ndipo Britain inayamba kuwapereka mu 1915. Mkulu wa pa doko ankangofuna kuona ngati ndiwe woletsedwa kulowa. Ankatha kukuuza kuti uwerenge ndi kulemba m'chinenero cha ku Ulaya, mpaka iyeyo akhutire. Yiddish, chinenero cha Ayuda a ku Ulaya, ankaivomereza, koma wamalonda wolemba bwinobwino Chigujarati, chinenero cha ku India, ankayesedwa mbuli. Wopanda ndalama zodzisamalira nayenso ankabwerera pomwepo.

Ndiye linatchula mitundu yosafunika?

Ayi, ndipo ukathyali wake unali pamenepo. Amwenye anali anthu a mfumu yomweyo, choncho kuwatchula poyera kukanachititsa manyazi boma la ku London. M'malo mwake nduna inapatsidwa mphamvu yoletsa gulu lililonse la anthu ponena kuti silikuyenera chuma cha dzikolo kapena kuti kakhalidwe kake n'kosiyana. Sipanapite nthawi, nduna inaika anthu onse a ku Asia m'gulu limeneli. Ngakhale Mmwenye wokhala ku Natal sankaloledwa kungowolokera ku Transvaal. Mu Novembala 1913 Gandhi anatsogolera anthu oposa 2,000 kudutsa malire amenewo dala, ndipo anamangidwa.

Nanga azigogo athu a ku Nyasaland?

Chaka chomwecho boma la South Africa linaletsa migodi kulemba ntchito anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa pa mapu wa madigiri 22, kuphatikizapo Nyasaland, chifukwa ambiri ankafa ndi chibayo. Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, inadzaloledwanso kuwatenga m'ma 1930, migodi itasowa anthu. Koma msonkho kumudzi sunkadikira. Amuna ankanyamuka pa selefu, wapansi, kudzera ku Southern Rhodesia, n'kuwoloka Limpopo mozemba apolisi. Ena akafika ankasintha dzina n'kumanena kuti kwawo ndi ku Mozambique, poti a kumwera kwa dzikolo ankaloledwa.

Wogwidwa ankamutani?

Pa pepala, ankatsekeredwa n'kubwezedwa kumene wachokera. Panalinso bungwe lomva madandaulo, ngakhale sindikuona mmene munthu wobwera ndi bulangete limodzi akanafikirako. Zochitika zinali zina: alimi a Chibunu ankafuna antchito otchipa, ndipo wopanda chitupa sanenerera malipiro. Anyasa ambiri amene ananyamuka ndi maganizo a ku Joni anathera kukumba mbatatesi m'minda ya ku Bethal.