Mabokosi a Cyril Burt: mlandu umene umboni wake unapita ndi moto

Pa 24 Okutobala 2026 ndi tsiku lokwanitsa zaka 50 chitulukireni nkhani ina mu nyuzipepala ya Sunday Times ya ku London, imene inagwedeza akatswiri a za maganizo a ana. Mtolankhani Oliver Gillie analemba kuti Sir Cyril Burt, yemwe anali atamwalira zaka zisanu m'mbuyomo, akuoneka kuti anapeka ziwerengero za kafukufuku wake wa mapasa. Mlanduwu sunagamulidwe mpaka lero. Umadzuka kawirikawiri anthu a ku England akayambanso kukangana za mayeso a 11-plus, olembedwa ndi ana a zaka pafupifupi 11, amene m'madera ena akusankhirabe ana opita ku sukulu za grammar (sekondale za boma zotenga ana okhoza bwino okha), zomwe zatsala 163.

Burt sanali munthu wamba. Mu 1913 khonsolo ya London County Council inamulemba ntchito yoyeza nzeru za ana a m'sukulu zake, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 ankayendayenda m'sukulu za mzindawo atanyamula mapepala a mayeso. Mu 1932 analowa m'malo mwa Charles Spearman monga pulofesa wa za maganizo ku University College London. Ankakhulupirira kuti nzeru zambiri munthu amabadwa nazo, ndipo zikhoza kuyezedwa mwana akadali wamng'ono. Lamulo la maphunziro la 1944, limene linatsegula njira yofalitsira mayeso a 11-plus, sanalembe ndi iye, ndipo olemba mbiri amasiyana pa kukula kwa dzanja lake m'menemo. Komabe mawu ake ankamveka m'makomiti a boma, ndipo ana miyandamiyanda a zaka 11 anauzidwa ndi pepala limodzi kuti njira yawo yathera pomwepo.

Mtsutso wonse wagona pa nambala imodzi. Mapasa ofanana kwambiri, akaleredwa m'makomo osiyana, amapereka mpata wosowa: magazi ndi amodzi koma kaleredwe n'kosiyana. Akatswiri a masamu amayeza kufanana kwa zotsatira zawo ndi nambala imene amaitcha correlation, yomwe ikafika pa 1 ndiye kuti awiriwo akhoza chimodzimodzi ndendende. Mu 1955 Burt anati ali ndi mapasa oterewa magulu 21, ndipo nambalayo inali 0.771. Mu 1958 magulu anapitirira 30, nambala n'kukhalabe 0.771. Mu 1966 anafika 53, kuposa kafukufuku wina aliyense wa nthawiyo, koma nambala sinasunthe. Ya mapasa oleredwa pamodzi nayo inangokakamira pa 0.944.

Aliyense amene anawerengerapo avereji ya kalasi akudziwa kuti ukaonjezera ana ena, yankho limasuntha ndithu, ngakhale pang'ono. Leon Kamin, katswiri wa za maganizo wa ku yunivesite ya Princeton ku America, ndi amene anaika mapepala a Burt pambalipambali n'kuona zimenezi, ndipo anazifalitsa m'buku lake la 1974. Anaonanso kuti Burt sankafotokoza bwino kuti anagwiritsa ntchito mayeso ati, liti, kwa ana ati. Chaka chomwecho Arthur Jensen, katswiri wina wa ku America amene ankagwirizana ndi maganizo a Burt, anavomereza kuti ziwerengerozo sizingadaliridwe. Umboni wa mnzako umalemera kuposa wa mdani, n'chifukwa chake mawu a Jensen ndimawatenga mwamphamvu.

Pamenepa n'kuti chinthu chimene chikanathetsa nkhani chitawonongeka kale. Burt anamwalira pa 10 Okutobala 1971. M'nyumba yake ku Hampstead munali mabokosi odzaza mapepala a mayeso akale. Mlembi wake, Gretl Archer, anafunsa nzeru kwa akatswiri, ndipo Liam Hudson, pulofesa wa ku Edinburgh, anamulangiza kuti awawononge, poona kuti palibe wina akanawamvetsa kupatula mwini wake. Mapepalawo anaotchedwa.  Otsatira Burt amati umboni womuyeretsa unali m'menemo, ndipo amakumbutsa kuti Hudson sankagwirizana ndi maganizo a Burt. Omutsutsa amati mwina munalibe chilichonse chokhudza mapasa. Onse akulankhula za mabokosi amene sanawafufuze. Zolemba zina za Burt zinali zitapsa kale ndi mabomba a nkhondo mu 1941, choncho moto unadya nkhokwe imeneyi kawiri.

Gillie anaonjezera china. Amayi awiri, Margaret Howard ndi J. Conway, mayina awo ankatuluka pa nkhani za m'magazini imene Burt mwini anali mkonzi wake, ndipo ankati ndi amene ankayeza mapasawo. Gillie anawasakasaka osawapeza. Kenako John Cohen, pulofesa wa ku Manchester, anati akumukumbukira Howard ku University College m'zaka za m'ma 1930. Zimenezi zikusonyeza kuti mayiyo analipo, koma sizikusonyeza kuti ankayeza mapasa m'ma 1950 ndi 1960, pamene chiwerengero chinkakwera.

Umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa Leslie Hearnshaw, pulofesa wa ku Liverpool. Iyeyu ndi amene anayankhula mawu otamanda Burt pa mwambo womukumbukira, ndipo mlongo wake wa Burt, Marion, anamupempha kuti alembe mbiri ya moyo wa malemuyo n'kumupatsa makalata ndi madayale. Anayamba ntchitoyo akumulemekeza. M'madayalemo sanapezemo kuti Burt ankakumana ndi mapasa kapena ndi amayi awiri aja m'zaka zimene zikukambidwazo. Anapezamo zoti Christopher Jencks wa ku Harvard atapempha zotsatira za magulu 53 aja, Burt anatha pafupifupi sabata yathunthu kumayambiriro kwa 1969 akuziwerengetsa. Munthu amene ali nazo kale m'kabati akanangozikopera. Mu 1979 Hearnshaw analemba kuti chinyengo chinalipo, ndipo mu 1980 bungwe la British Psychological Society linavomereza zimenezo.

Mbali inayo ili ndi mfundo zake, ndipo si zopepuka. M'mabuku awo oikira kumbuyo Burt, Robert Joynson mu 1989 ndi Ronald Fletcher mu 1991 anati madayalewo ali ndi masamba ambiri osalembedwa, ndiye kusowa kwa dzina m'menemo si umboni. Anatinso nkhalamba yodwaladwala, yogontha makutu ngati Burt, ikanatha kungokopera nambala yakale mosasamala popanda cholinga chonamiza. Ena amaloza kafukufuku wa mapasa wa Thomas Bouchard ku Minnesota, amene anayamba mu 1979 ndipo anapeza nambala zoyandikira za Burt. Apa ine ndimakayika: kupeza yankho loyandikira loona sikutsimikiza kuti unayezadi ana amene ukunena kuti unawayeza. Mu 1992 bungwe lija linabweza chigamulo chake, n'kunena kuti silikuimanso mbali iliyonse.

Mapepala a Burt amene anapulumuka akusungidwa ku yunivesite ya Liverpool, ndipo ofufuza amatha kukawerenga makalata ndi zolemba zake. Mapepala a mayeso amene mapasa aja akuti analemba ndi dzanja lawo mulibe.