Insulini yopumira ilipo, koma si ya m'botolo lanulo

Funso ili ndalimva mpaka makutu kuwawa: "Adokotala, poti insulini yopumira ilipo, bwanji ndingothira ya m'botoloyi mu nebulizer, ndileke kudzibaya?" Nebulizer ndi makina aja osandutsa mankhwala amadzi kukhala nkhungu yopumira, monga a odwala mphumu. Musayese. Ndifotokoza chifukwa chake, pakuti munthu akangokanizidwa popanda kuuzidwa chifukwa amakayesera kuseri.

Insulini, imene odwala shuga amadzibaya, ndi puloteni yolukidwa ndi tizidutswa 51 totchedwa ma amino acid. Mukaimeza imagayidwa ngati chakudya, n'chifukwa chake kuyambira mu 1922 anthu akhala akuilandira kudzera pa jekeseni. Akatswiri anayang'ana ku mapapo pa zifukwa zomveka. Kumathero kwa timachubu ta mpweya kuli timatumba pafupifupi 300 miliyoni kapena kuposa, ndipo kachikopa kolekanitsa mpweya ndi magazi pamenepo n'kopyapyala moti m'malo ambiri sikafika gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Zolowera pamenepo zimapita m'magazi osayamba zaphwanyidwa ndi chiwindi.

Anthu akamva zimenezi amaganiza kuti chilichonse chopumidwa chimawoloka. Okosijeni amawolokadi mosavuta, koma puloteni ndi yaikulu kwambiri, ndipo ulendo wake ndi wovuta kuyambira pakamwa. Timadontho kapena ufa woposa ma micron 5 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) umakakamira kukhosi ndi m'machubu akuluakulu. Kumeneko makhololo amaukola, timaubweya n'kuusesera kumtunda, inu n'kuumeza osadziwa. Wochepetsetsa umangotuluka ndi mpweya. Umene wafika pansi penipeni uyenera kusungunuka m'timadzi tokuta timatumba tija, kupulumuka ma enzyme odula mapuloteni, ndiponso kuzemba maselo olondera otchedwa macrophage, amene amameza chachilendo chilichonse.

Kenako ndiye kuwoloka kwenikweniko. Mapuloteni aang'ono, monga insulini, amadutsa makamaka m'timipata ta pakati pa selo ndi selo, timene ndi tothina ngati msoko wa telala waluso. Akuluakulu sangakwanemo. Selo limawakulunga m'kathumba mbali ya mpweya, n'kukawatula mbali ya magazi, ndipo ma antibody, mapuloteni olimbana ndi matenda, ali ndi chowanyamula chawochawo chotchedwa FcRn. Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo puloteni ikachedwa olondera aja amaipeza. Kukula kwa puloteni kukamawonjezeka, yofika m'magazi imachepa.

Ngakhale makampani akuluakulu anavutika nazo. Exubera, insulini yopumira ya kampani ya Pfizer, inavomerezedwa ku America mu 2006, ndipo pa insulini yonse yoikidwa m'chipangizo chake, yofika m'magazi inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Chipangizocho chinali chachikulu, anthu sanachikonde, mu 2007 inachotsedwa pamsika. Insulini ina yopumira, Afrezza ya kampani ya MannKind, inavomerezedwa mu 2014. Ndi ufa wopangidwa mwapadera kuti ufike pansi ndi kusungunuka msanga, moti insulini imafika pachimake m'magazi pa mphindi ngati 15. Mlingo wake unayezedwa pa chipangizo chakecho. Nebulizer ya mphumu sinavomerezedwe kuti muzithiramo insulini ya jekeseni, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mwa mayuniti amene mwathiramo, angati alowa m'magazi. Lero akhoza kukhala ochepa zedi, mawa ochuluka, malinga ndi mmene mwapumira.

Pali mnyamata wina amene sachoka m'mutu mwanga. Anali ndi shuga wa mtundu woyamba, atatopa ndi singano, ndipo sindingamuweruze pa kutopako. Wina pa intaneti anamuuza kuti madokotala amabisa njira yosavutayi. Anasiya kudzibaya, n'kuyamba kupuma insulini yake pa nebulizer. Atayamba kusanza ndi kumva ludzu losatha, abale ake anati ndi m'mimba chabe, adikire kuche. Pofika kwa ife anali akupuma mozama ndi mwaphuma, sakuzindikira munthu, magazi atadzaza asidi. Anapulumuka, koma panangotsala pang'ono. Chimene chimandiwawa ndi usiku umene anaudikirawo. Akanabwera pamene kusanza kunayamba, sakanafika pokomoka.

Ngakhale insulini yopumira yeniyeniyo si ya aliyense. Wa mphumu kapena wa matenda okhalitsa a m'mapapo saloledwa, chifukwa machubu a mpweya akhoza kuthina mwadzidzidzi. Wosuta fodya salimbikitsidwanso. Utsi umawononga msoko uja, ndipo pa Exubera zinaoneka kuti osuta ankalowetsa insulini yochuluka kwambiri, zimene zingagwetse shuga mpaka munthu kukomoka. Musanaiyambe mapapo amayezedwa mphamvu, amayezedwanso pakatha miyezi 6, kenako chaka ndi chaka. Ndipo ndi ya pa nthawi ya chakudya yokha. Wa shuga wa mtundu woyamba amabayabe insulini yokhalitsa tsiku lililonse.

Tsono wina akakuonetsani kabotolo kopopera m'kamwa kapena m'mphuno, n'kumati "peptide" (kapuloteni kakang'ono) yake ilowa m'malo mwa jekeseni, m'funseni kuti timadontho take ndi ta ma micron angati, ndiponso bungwe loyang'anira mankhwala limene linakavomereza ndi liti. Sayankha. Ngati munasiya kale kudzibaya chifukwa cha anthu oterewa, yezani shuga tsopano lino. Mukaona kusanza, ludzu, kukodza pafupipafupi kapena kupuma kwachilendo, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukanene zoona za tsiku limene munabaya komaliza.