Msonkhamsonkha wa sukulu ya atsikana a ku Afghanistan unayambira pati?

Mu Ogasiti 2024, atsikana 19 a ku Afghanistan anatera pa bwalo la ndege la Edinburgh ku Scotland, kudzapitiriza maphunziro a udokotala omwe kwawo anadukira panjira gulu la Taliban, lomwe likulamulira dzikolo, litaletsa akazi kuphunzira. Amene anawathamangira ndi bungwe laling'ono la Linda Norgrove Foundation. Analiyambitsa ndi makolo a Linda Norgrove, mayi wa pachilumba cha Lewis ku Scotland yemwe ankagwira ntchito zachitukuko ku Afghanistan, ndipo anamwalira mu 2010 pomwe asilikali ankayesa kumulanditsa kwa anthu amene anamuba.

Chitseko chimene chinatsekera atsikanawa sichinayambe lero kutsekedwa. Mu 1921, Mfumu Amanullah Khan ndi mkazi wake Soraya anatsegula sukulu ya atsikana ya Masturat mumzinda wa Kabul, ndipo mu 1928 anatumiza atsikana ena kukaphunzira ku Turkey. Akuluakulu achipembedzo ndi mafumu a m'madera zinawanyansa. Chaka chotsatira mfumuyo inathawa, sukulu za atsikana n'kutsekedwa. Patapita zaka zinatsegulidwanso, moti akazi ankaphunzira udokotala ndi zamalamulo pa yunivesite ya Kabul. Kenaka a Taliban atalanda boma mu 1996 anatsekanso, mpaka 2001.

Zaka 20 zotsatira ndi zomwe zinabala m'badwo umene ukusonkheredwa ndalama lero. Bungwe la UNESCO likuti akazi a m'sukulu zaukachenjede anachoka pa 5,000 mu 2001 n'kupitirira 100,000 mu 2021. Ambiri mwa iwo amayi awo sanaponde m'kalasi.

A Taliban atabwerera mu Kabul pa 15 Ogasiti 2021, sanatseke zonse tsiku limodzi. Anayamba ndi sekondale. Pa 23 Malichi 2022 atsikana analawirira, mabuku m'manja, atamva kuti sukulu zatsegulidwa, koma dzuwa lisanafike pamutu anauzidwa kuti abwerere kwawo. Ambiri anatuluka pageti akulira. Pa 20 Disembala chaka chomwecho, nduna ya maphunziro apamwamba Neda Mohammad Nadeem inalamula kuti mkazi asapondenso pa yunivesite iliyonse, ya boma kapena yoyima payokha. Mu Disembala 2024 anatsekanso maphunziro a unamwino ndi uzamba. Izi ndiye zimandizunguza mutu, chifukwa m'madera ambiri a dziko lomwelo mayi wodwala saloledwa kuonedwa ndi dokotala wamwamuna. Nanga adzamuchiritsa ndani?

Munthu akamva za kusonkhera mtsikana wotere amaganiza za fizi basi. Fizi ndi gawo chabe. Choyamba pamafunika pasipoti. Kenaka mkazi saloledwa kutuluka m'dzikomo yekha popanda mahram, kutanthauza bambo, mlongo kapena mwamuna wake womuperekeza, ndiye kuti thiransipoti ndi ya anthu awiri. Maiko ambiri a azungu anatseka maofesi a akazembe awo ku Kabul, choncho viza amakafunsira ku Pakistan kapena ku Iran, komwe amakhala miyezi akulipira lendi, viza ya dzikolo ikutha, apolisi akusakasaka anthu oti awabweze kwawo, monga Pakistan yakhala ikuchitira kuyambira mu Novembala 2023. Onjezani mayeso a Chingerezi, kuyezetsa TB, ndi kuvutikira kupeza mapepala a magiredi kuchokera ku yunivesite yomwe inamuthamangitsa.

Ngakhale ndalama zitakwana, sikuti ulendo watheka. Mpondamatiki wa ku Dubai Khalaf Al Habtoor analonjeza kulipirira maphunziro atsikana pafupifupi 100. Koma mu Ogasiti 2023 a Taliban anabweza ambiri a iwo pa bwalo la ndege la Kabul, ndege ili chiimire kuwadikira.

Za atsikana 19 aja zinatheka chifukwa boma la Scotland linasintha malamulo kuti aziwatenga ngati ophunzira a m'dziko momwemo, osalipira fizi yokwera ya alendo. Zotsalazo, monga maviza, matikiti a ndege ndi zolipira zaumoyo, bungwe la banja la Norgrove linachita kusonkha kwa anthu akufuna kwabwino. Atsikanawo anawagawa m'sukulu zinayi za udokotala: Aberdeen, Dundee, Glasgow ndi St Andrews.